Albatros D.III: kukopera phiko osafunsa chifukwa

Okonda ndege zakale amaiyamikira Albatros D.III chifukwa cha thupi lake losalala ngati nsomba komanso zomwe inachita mu Epulo 1917, mwezi umene Britain inataya ndege zoposa 200 pa nkhondo ya ku Arras. Ine ndikuona kuti ulemu umenewu ndi wopitirira muyezo. Ndegeyi inali chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Zabwino zake inazitenga kwa akulu ake, D.I ndi D.II, a mu 1916: thupi la matabwa opyapyala omatidwa, injini ya Mercedes ya masilinda 6 ndi mfuti ziwiri zowombera pakati pa mapeni a pulopela. Vuto linalipo n'lakuti mapiko ake awiri osanjikizana ankatchinga maso a woyendetsa.

Pofuna kuthetsa vutoli, akuluakulu oyang'anira ndege zankhondo, a Idflieg, anauza kampani ya Albatros kuti itengere Nieuport ya ku France, yomwe phiko lake lam'munsi linali lowonda, lokhala ndi mtanda umodzi wokha. Robert Thelen ndi anzake anachitadi zimenezo, ndipo woyendetsa anayamba kuona pansi bwinobwino. Koma Nieuport inali yopepuka, pamene Albatros inali yolemera kwambiri. Ikamatsika mwaliwiro, phiko la mtanda umodzi lija linkapotokoka mpaka kuthyoka. Mu Januwale 1917 phiko la ndege ya Manfred von Richthofen linang'aluka ali m'mwamba. Iye anatera bwino, koma ena anafa nalo vutoli.

Chomwe chikundikwiyitsa kwambiri ndi zimene zinatsatira. Akatswiri ankayesa mapikowo powasenzetsa katundu ndege ili pansi, n'kuwapeza olimba, poti kuyesa kotere sikuonetsa kupotokoka kobwera ndi mphepo. Anangowonjezera zolimbitsa, kenaka n'kuika phiko la mtundu womwewo pa D.V, yomwe inapitiriza kuthyoka.

Wina anganene kuti pankhondo palibe nthawi yofufuza, koma kampani ya Oeffag ku Austria, popanga D.III yomweyo, inalimbitsa phikolo ndipo vuto linachepa kwambiri. Mu 1918 Fokker D.VII inabwera ndi mapiko ochindikala osadalira mawaya, mpaka pangano lothetsa nkhondo linaitchula dzina kuti Germany iipereke. Poiyerekeza ndi ndege ziwirizi, Albatros D.III inapambana chifukwa cha injini, mfuti ndi luso la oyendetsa, pamene phiko lomwe inakoperalo linkapha eni ake.