Amisiri Amene Anamanga Paris M'kati mwa Gemu

Pa 11 Novembala 2014 kampani ya Ubisoft inatulutsa gemu yotchedwa Assassin's Creed Unity, ndipo sabata isanathe inasanduka choseketsa pa intaneti. Pamakompyuta ena, anthu a m'gemumo ankaoneka opanda khungu kumaso, maso ndi mano zokha zili lende. Arno Dorian, mnyamata amene wosewera amamuyendetsa, ankatha kubowoleza pansi n'kumangogwa osafika, kapena kukanirira m'ngolo ya udzu. Nkhondo ikafika pachimake, zithunzi zinkadukizadukiza. Zonsezi zinachitikadi. Komabe pansi pa zolakwikazo pagona luso loyenera kuliyang'anitsitsa.

Gemuyi imakutengera ku Paris wa zaka za kuukira kwa anthu wamba, kuyambira 1789. Pakati pa mzindawo pali tchalitchi cha Notre-Dame, chimene mayi wina waluso, Caroline Miousse, anathera zaka pafupifupi ziwiri akuchiumba pakompyuta. Ntchito yake inali yovuta pawiri. Tchalitchicho chinayenera kufanana ndi chenicheni, komanso chinayenera kukwereka. Wosewera amayamba pakhomo, kugwira m'mphepete mwa mwala, kupondera pa chosema, kudumphira pazenera, mpaka pamwamba. Choncho chokongoletsa chilichonse pakhoma chinaikidwa pamene dzanja lingafike, koma mosaonetsa kuti ndi makwerero.

Anachitanso chinthu china mwadala. Nsanja yosongoka imene dziko linkaidziwa padenga la Notre-Dame inamangidwa ndi Viollet-le-Duc m'zaka za m'ma 1800, nthawi ya Arno itadutsa kale. Amisiriwo ankadziwa zimenezi, koma anaiikabe, poona kuti popanda nsanjayo anthu sakanachizindikira tchalitchi chawo. Apa mpamene mmisiri amasiyana ndi wokopera: amadziwa mbiri yonse, kenako amasankha pomwe angapatuke ndi chifukwa chake.

Luso lalikulu kwambiri lili m'chikhamu. Nkhani ya anthu oukira mfumu siingakambidwe ndi anthu khumi, motero misewu inadzazidwa ndi anthu zikwizikwi. PlayStation 4 ndi Xbox One zinalibe mphamvu yoganizira aliyense payekha. Ndiye amisiri anapeza njira: ali kutali amakhala zithunzi zopepuka zongoyenda, ndipo anthu pafupifupi 40 okha, oyandikana ndi wosewera, ndiwo amapatsidwa nzeru zothawa, kukuwa ndi kumenya. Wosewera akamayenda, nzeruzo zimachotsedwa kwa amene watsala kumbuyo n'kupatsidwa kwa amene ali kutsogolo. Zikayenda bwino, umamva ngati mzinda wonse ukupuma.

Pomwepo mpamenenso panachokera mavuto ambiri. Kuti gemu iziyenda mosalala pa zithunzi 30 pa sekondi imodzi, makina amayenera kumaliza kuwerengera kuwala, mithunzi, zovala ndi chikhamu chonse m'kanthawi kochepa kwambiri. Akachedwa, chithunzi chimagwedera, ndipo munthu amasintha malaya kapena nkhope uli kumuona. Katundu anali wolemera, nthawi yoyesa ndi kukonza inachepa, koma tsiku logulitsa silinasunthidwenso. Mlimi wa kwa Mwase amadziwa kuti fodya wa mtundu wabwino akatsitsidwa m'balani asanaume bwino pothamangira msika wa Chinkhoma, ogula sayang'ana thukuta la kumunda, amangoona tsamba lowonongeka.

Ubisoft inavomera kulakwa. Mkulu wa nthambi yake ya ku Montreal pa nthawiyo, Yannis Mallat, anapepesa poyera, ndipo gawo lowonjezera la Dead Kings linaperekedwa ulere. Anatulutsa zokonza zingapo, china mwa izo chokhala ndi mfundo zoposa 300. Tchalitchi chenicheni chitapsa pa 15 Epulo 2019, kampaniyo inapereka ndalama zokwana mayuro 500,000 zothandizira kumanganso, n'kugawa gemuyo ulere pakompyuta kwa sabata imodzi. Anthu ochuluka analowamo kuti akaimenso m'kati mwa Notre-Dame, ndipo ambiri anaona koyamba ntchito imene kuseka kunaibisa.

Achinyamata a ku Kasungu amene mumakonda magemu, musamangothamanga m'misewu ya Paris. Imani, yang'anani mmene khoma linaumbidwira ndi mmene chikhamu chikusunthira, mufunse kuti anachita bwanji. Nkhani zoyenera luso lotere tili nazo pakhomo: nkhondo ya Achewa a Mwase ndi Angoni imene dzina la Nguru ya Nawambe limatikumbutsa, ndiponso kulimbana kwa Mwase Kasungu ndi asilikali a Britain mu Disembala 1895. Phunzirani kuumba zithunzi ndi kulemba mapulogalamu, kafunseni akuluakulu mbiriyo, ndipo mukadzayamba kumanga, musadzatulutse ntchitoyo isanapse.