Mawu Akuti "Simungathenso Ntchito"

Pa msika wa Bvumbwe ndinacheza ndi mayi wina amene kale ankathyola tiyi pa esiteti ina m'boma la Thyolo. Atavulala mwendo, kapitawo anawauza kuti, "Amayi, simungathenso ntchito." Chiganizo chimenechi ndifuna kuti tichiyese bwino, pakuti chili ndi chinyengo m'kati mwake.

Taonani mneni "kutha". Mwininkhani wake ndi mayiwo, chotero kulephera konse kwasenzetsedwa iwo. Dzina lakuti "ntchito" laima lokha, ngati kuti pa esiteti pali ntchito imodzi basi. Kunena zoona, kukwera zitunda za ku Thyolo dengu lili kumsana nkosatheka kwa woyendera ndodo. Koma nanga ku nazale, kumene anthu amathira dothi m'timatumba atakhala pansi? Nanga pa sikelo, polemba makilogalamu a othyola? Kapitawo sanafunse zimenezi, ndipo kamangidwe ka chiganizo chake sikanamlole kufunsa.

Maina tawasintha ndithu. Makolo ankati "chilema", dzina la gulu limodzi ndi chikho ndi chipande. Lero timati "munthu waulumali", munthu ali patsogolo. Malamulo nawonso ayenda: la 1971 linabala MACOHA, la ntchito la 2000 linaletsa tsankho la ulumali, la 2012 linaonjezera, ndipo la 2024 linalowa m'malo mwa la 1971 ndi la 2012 lija. Komatu ganizo lalikulu, lakuti wolemba ntchito asinthe malo, zida kapena nthawi molingana ndi wantchito, malinga zisamlemetse koposa, silinapezebe mawu okhazikika pakamwa pa anthu. Ena amati "thandizo", ena "chifundo". Onse awiri ndiwakana, pakuti chifundo munthu angakumane popanda mlandu, pamene ichi ndi ngongole.

Ine ndisankha "kukonzera". Msintho womchitira, kamphatikira kakang'ono ka -er-, ukusamutsa katundu: wokonza ndi bwana, wokonzeredwa ndi wantchito, ndipo chokonzedwa ndi ntchitoyo, osati mwendo.

Inu aphunzitsi a mawa, musayese kuti izi nza m'minda ya tiyi mokha. Mudzakhala ndi mnzanu woyendera njinga, kalasi lake lili ndi masitepe atatu pakhomo. Mphunzitsi wamkulu akadzati "sangathe", mudzawafunse mwaulemu kuti chimene sangathecho nchiti, kuphunzitsa kapena masitepewo.