Mtsikana wa buluku m'nkhani zathu

Alembi anzanga, tawerenganinso nkhani zomwe mumaponya pagulu pano. Mtsikana akangovala buluku, mwamuweruza kale: ndi woyendayenda basi, mathero ake ndi matenda. Wachitenje ndiye mkazi wabwino. Kodi amenewa si maganizo a lamulo lija la 1973, loletsa akazi mabuluku ndi masiketi aafupi? Lamulolo linachotsedwa mu 1993, komabe mu Januwale 2012 mavenda anavula akazi ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Tapitani pamsika ku Chiwamba: mtsikana wadzisankhira jinzi pakaunjika ndi ndalama zake za ganyu, wamangira chitenje pamwamba poopa akuluakulu. Nkhanitu ili pamenepo. Mumveni kaye mwiniwakeyo musanamuphe patsamba lomaliza.