Osankha pa Kaunjika wa Nyimbo: Pizzicato Five ndi Anzawo a ku Shibuya

Sabata ino mabuku ndawaika pambali dala, ndikufuna tikambeko za nyimbo, nyimbo zakenso za kutali, ku Japan. Musathawe. Funso lomwe nyimbozi zimadzutsa ndi lomwe lija timakanganirana kuno wina akalemba ndakatulo yomveka fungo la mlembi wina: kodi kutengera kumathera pati, nanga kuba kumayambira pati?

Mtundu wa nyimbozi umatchedwa Shibuya-kei, kunena kuti mayimbidwe a ku Shibuya. Shibuya ndi dera la mumzinda wa Tokyo lodzaza ndi masitolo a zovala ndi a zimbale, ndipo kumeneko ndi kumene nyimbozi zinkagulidwa kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mayina ake akuluakulu ndi Pizzicato Five, Flipper's Guitar, Cornelius, Kahimi Karie ndi Fantastic Plastic Machine. Mukazimva koyamba mumangoti izi ndi nyimbo za m'chipinda chochezera cha hotela yodula ya m'ma 1960: malipenga ofewa, gitala ya bossa nova, mawu a mkazi opepuka ngati sakufuna kudzutsa mwana. Koma pansi pake pakugunda ng'oma za makina, za m'malo ovinira a m'ma 1990. Zakale pamwamba, zatsopano pansi.

Kuti timvetse komwe zinachokera, tiyambe ndi ndalama. Mu 1985 dola imodzi inkagula ma yen pafupifupi 240. Pofika 1988 inkagula osakwana 130. Katundu wa kunja anatchipa, ndipo zimbale za ku America, France, Italy ndi Brazil zinasefukira m'masitolo a Tokyo, zatsopano ndi zakale zomwe. Achinyamata ena anasanduka akatswiri ofukula. Ankatha tsiku lonse akusanthula mabokosi, monga amachitira mayi wodziwa kaunjika, uja amene pamulu womwe inu mwangoona nsanza iye amatulutsapo diresi loti aliyense ku ukwati azifunsa kuti mwagula kuti. Anafukula Burt Bacharach, Serge Gainsbourg, Antônio Carlos Jobim, The Beach Boys, ndi nyimbo za m'mafilimu a ku Italy zomwe eni ake anali ataziiwala. Kenako anayamba kupanga nyimbo zawo pogwiritsa ntchito zimene anatolazo, pena kudula kachidutswa ka chimbale chakale n'kukaika m'nyimbo yawo, pena kungoyimba motsanzira ndendende.

Mkulu wa ofukulawa ndi Yasuharu Konishi wa Pizzicato Five. Gululi linatulutsa nyimbo zake zoyamba mu 1985 pansi pa Haruomi Hosono, koma linadzadziwika bwino Maki Nomiya atalowa ngati woyimba mu 1990. Apa ndiye ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa amene amati Shibuya-kei ndi kukopera chabe nthawi zambiri sanamvetsere bwino mayiyu.

Nomiya sayimba ngati munthu woti watsegula mtima wake. Amayimba ngati wavala chovala cha sewero, ndipo akufuna mudziwe kuti wachivala. Mawigi, magalasi akuluakulu, madiresi aafupi a m'ma 1960, zonsezo ndi mbali ya nyimbo. "Twiggy Twiggy", yomwe inamveka mufilimu ya Robert Altman ya 1994 yotchedwa Prêt-à-Porter, imathamanga mosangalala moti mwendo umagwedezeka wokha. Koma nkhani yake ndi ya mkazi amene wadzikongoletsa ngati Twiggy, mtsikana wa mafashoni wa ku London uja, ndipo wakhala akudikira munthu kwa maola. Ndiye nyimbo ikuvina, mwini nyimboyo ali yekha. Chimodzimodzinso "Tokyo wa Yoru no Shichiji" ya 1993. Mzinda ukuwala, madzulo ayamba kumene, koma malo odyera omwe anapangana kukumanako anatsekedwa kale, kulibenso. Kumbukirani kuti chuma cha Japan chinali chitaphulika ngati baluni kuyambira 1990. Konishi sanalembe nyimbo yodandaula za chuma. Anangoika kanthu kamodzi kakang'ono ako pakati pa chisangalalo, n'kupitiriza. Kwa ine ulembi wabwino ndi umenewo, ndipo sanautole m'bokosi la zimbale.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu amakopeka nazo, ngakhale amene Chijapani samva ndi liwu limodzi lomwe?

Choyamba n'chakuti nyimbozi zimakupatsa kulakalaka kale lomwe sunakhalemo. Konishi anabadwa mu 1959, Keigo Oyamada wa Flipper's Guitar, amene pambuyo pake anadzitcha Cornelius, anabadwa mu 1969. Twiggy atafika ku Japan mu 1967 wina anali mwana wa pulayimale, winayo asanabadwe n'komwe. Paris ndi Rio de Janeiro wa m'nyimbo zawo ndi wa pa zikuto za zimbale ndi m'mafilimu. Mulibe nkhondo ya ku Vietnam, mulibe ulamuliro wa asilikali womwe unagwira Brazil kuyambira 1964. Ndi zaka za m'ma 1960 zochapidwa, zositidwa, zopachikidwa pawindo la sitolo. Womvera amalowamo osalipira kalikonse, chifukwa palibe chake chomwe chinatayika kumeneko. Kale lako lenileni limapweteka. Kale lobwereka limangokoma.

Palinso kukoma kwa kuzindikira. Amene amadziwa zimbale zakale amamwetulira akamva kachidutswa komwe akukadziwa, ngati mmene timachitira wina akaluka mwambi wakale m'nkhani yamakono mwaluso. Amene sadziwa amatsata mapazi mpaka kukafika kwa Jobim kapena Bacharach weniweni. Sikuti ankabisa ayi. Ngakhale dzina loti Cornelius analitenga mufilimu ya Planet of the Apes, poyera, aliyense akuona.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse ndi golide. Vuto lalikulu la Shibuya-kei ndi shuga. Nyimbo imodzi, ziwiri, zitatu, mtima uli mbee. Chimbale chonse chikamatha umamva ngati wamwa tiyi wa masupuni asanu ndi limodzi. Fantastic Plastic Machine, yemwe ndi munthu mmodzi, Tomoyuki Tanaka, ndi chitsanzo changa. Luso lake losakaniza palibe angalitsutse, ndipo n'zosadabwitsa kuti nyimbo yake ina inalowa mufilimu yanthabwala ya Austin Powers ya 1999. Koma ndikamaliza kumvera ndimakumbukira chipinda chokongola, sindikumbukira kuti munali munthu. Bossa nova ya João Gilberto ili ndi chisoni chachete chomwe chimakhala m'mawu ndi m'kaimbidwe ka gitala. Ambiri mwa otsanzirawa anatenga mayendedwe a gitalayo, chisoni n'kuchisiya ku Brazil.

Ndiye pali nkhani ya eni katundu. Kusankha pa kaunjika n'kwabwino chifukwa umalipira. Ukatenga ndime ya nyimbo ya munthu, n'kusintha pang'ono, n'kulembapo dzina lako lokha, kunena kuti "ndimamulemekeza" sikumudyetsa. Otsutsa Shibuya-kei ku Japan komweko ankaloza zimenezi, ndipo penapake ankanena zoona. Ine muyeso wanga ndi wophweka: chotsani chobwerekedwacho, muone chomwe chatsala. Mu "Tokyo wa Yoru no Shichiji" mutsala mkazi uja ndi malo odyera otsekedwa aja. Mu Fantasma, chimbale cha Cornelius cha 1997, mutsala kamangidwe kake, momwe phokoso la wailesi, magitala aukali ndi mawu oyimba mogwirizana a mtundu wa The Beach Boys zimalumikizirana kukhala ulendo umodzi woti uumvere ndi mahedifoni kuyambira poyamba mpaka pomaliza. M'nyimbo zambiri za otsatira awo simutsala kanthu. Basi, zikuto zokongola.

Amene mukufuna kuyesa, yambani ndi Made in USA, chimbale chomwe kampani ya Matador ya ku New York inatulutsa mu 1994 posonkhanitsa nyimbo za Pizzicato Five, kenako Fantasma. Osamvera zonse tsiku limodzi, nkhani ya shuga ija.

Pizzicato Five inatha mu 2001. Chodabwitsa n'chakuti nyimbo zomwe zinkalakalaka kale la eni ake tsopano nazonso zasanduka kale lolakalakidwa. Pamwambo wotseka masewera a Paralympics ku Rio de Janeiro mu 2016, Japan polandira udindo wochititsa masewera otsatira inasankha "Tokyo wa Yoru no Shichiji", yokonzedwanso, kuti iimire mzinda wa Tokyo. Nyimbo ya ana a bossa nova inakayimbidwa kwawo kwa bossa nova. Naye Nomiya m'zaka zapitazi wakhala akutulutsa zimbale zoyimbanso nyimbo za Shibuya-kei ngati nyimbo zamakedzana, pamodzi ndi za Bacharach zomwe Konishi ankafukula m'mabokosi aja.