Cilombo m'khola: pamene malamulo ameza nthano

Dungeons & Dragons inatuluka mu 1974 kucokera m'manja mwa Gary Gygax ndi Dave Arneson ku America. Ndi masewera a pathebulo, koma cimene cimasonkhanitsa anthu pathebulopo ndi nthano. Munthu mmodzi, wochedwa Dungeon Master, amasimba za dziko ndi zoopsa zake, ndipo anzake aliyense amalankhula m'malo mwa mpangankhani wake. Pamene pali cikaiko, madayisi ndiwo amagamula. Nthano yotere imatha kuyenda miyezi yambiri, yonse ikuloza kwa mdani mmodzi wamkulu amene dzina lake lakhala likunong'onedwa kuyambira tsiku loyamba. Conco tiyenera kufunsa: nthanoyo imatsala ndi ciani ngati mdaniyo afa asanatsegule n'komwe pakamwa?

Tiyeni tione citsanzo ca m'malamulo a 2014. Mfiti ikafika pa sitepe 13 imatha kuponya tsenga lochedwa Forcecage, khola losaoneka limene limatsekera mdani kwa ola lathunthu. Mdaniyo sapatsidwa mwai woponya dayisi kuti azembe pamene kholalo likumangidwa. Kenako mu 2017 buku la Xanathar's Guide to Everything linabweretsa tsenga lina, Sickening Radiance, kuwala kodwalitsa kumene kumakhala mphindi 10. Nthawi iliyonse mdani akalephera kupirira, amavulala ndiponso amatopa. Akatopa kasanu ndi kamodzi, wafa. Popeza cigawo cimodzi ca nkhondo cimatenga masekondi 6, mphindi 10 ndi zigawo 100. Cilombo cimene cikukwana m'kholamo, cimene cimatopa, ndiponso cimene sicidziwa kuzimiririka, cilibe pothawira. Osewera amangoima patali n'kumawerenga.

Citsanzo cina n'coseketsa. Tarrasque ndi cimodzi mwa zilombo zoopsa koposa m'buku la Monster Manual la 2014, ndipo cili ndi mapointi a moyo 676. Koma siciuluka, ndipo cilibe cida cofika patali. Mpangankhani wamapiko wokhala ndi uta wamatsenga akhoza kuuluka pamwamba pake n'kumacilasa pang'onopang'ono mpaka cigwe. Cilombo cimene nthano imati cimameza mizinda cimasanduka nyama yongodikira imfa.

Pali amene amati apa palibe colakwa, ndipo mau awo ndi oyenera kuwamva. Wosewera amene wapeza njira yotere anawerenga, anaganiza, anagwirizana ndi anzake. Ndiponso ife amene tinakula ndi nthano za Kalulu sitingayambe lero kunyoza nzeru zogonjetsa mphamvu. Kalulu anapatsa Njovu nsonga imodzi ya cingwe, Mvuu nsonga inayo, ndipo zimphona ziwirizo zinakokana tsiku lonse iye ali phee pa chire. Palibe mwana amene anadandaulapo kuti Kalulu wabera.

Koma taonani pamene cinyengo ca Kalulu cagona. Cikutheka cifukwa Njovu ndi wodzikuza, Mvuu nayenso ndi wodzikuza, ndipo palibe mwa iwo amene angaganize kuti kanthu kakang'ono kangamupusitse. Msamphawo walukidwa ndi khalidwe la iwo amene akodwa, ndipo nthano ikatha timawadziwa bwino kuposa poyamba. Khola ndi kuwala kodwalitsa sizitero. Zimagwira cimodzimodzi pa mfumu yankhanza, pa ciwanda, pa cinjoka. Sizifunsa kuti mdaniyu amaopa ciani, amakonda ndani, analakwa ciani. Kalulu anawerenga mtima wa Njovu, pamene wosewera uyu wawerenga masamba awiri a mabuku awiri. Zonsezi ndi nzeru, koma yaciwiriyi siionjezera kanthu pa nthano.

Cina cimene cimatayika ndi gawo la anzake. Pathebulo pali anthu asanu amene anasiya zocita zao. Ngati mmodzi atha nkhondo m'zigawo ziwiri, msilikali amene analumbira kubwezera imfa ya mbale wake sapeza mpata wosolola lupanga. Mutu umodzi susenza denga, koma apa mutu umodzi wanyamula denga lonse n'kusiya ena pa dzuwa.

Olemba malamulo vutoli amalidziwa. Mankhwala ao a mu 2014 anali Legendary Resistance: cilombo cacikulu cikalephera kupirira tsenga, cimaloledwa kunena kuti capirira, kawirikawiri katatu pa tsiku. Ngati luso losimba nthano, awa ndi mankhwala ofooka. Wosewera amaononga tsenga lake lamtengo, dayisi imamukomera, kenako amauzidwa kuti palibe cacitika, popanda cifukwa cocokera m'nkhani. Mapeto ake osewera amayamba kuwerengera katatu kaja ndi timatsenga ting'onoting'ono, ndipo nkhondo imasanduka samu. Malamulo okonzedwanso a 2024 anadula mapiko ena: Stunning Strike ya monk, imene inkatha kuumitsa mdani kangapo motsatizana, tsopano imayesedwa kamodzi pa mpata uliwonse wa wosewera, ndipo Divine Smite ya paladin nayonso inacepetsedwa cimodzimodzi. Izi n'zothandiza, koma buku lililonse latsopano limabwera ndi maluso atsopano, ndipo osewera masauzande ali ndi nthawi yofufuza ming'alu kuposa olemba ocepa aja.

Yankho labwino linalipo kale mu 1983, pamene Tracy ndi Laura Hickman analemba Ravenloft, nkhani imene inabweranso mu 2016 ndi dzina lakuti Curse of Strahd. Strahd von Zarovich, mfumu yoyamwa magazi ya ku Barovia, ali ndi mapointi a moyo 144 cabe m'buku la 2016. Paladin wamphamvu akhoza kuwadula msanga. Koma Strahd sadikira m'cipinda comaliza. Amaonekera kwa osewera koyambirira, amawayesa, amawaitanira ku cakudya, ndipo akagonja pa nkhondo amasanduka nkhungu n'kubwerera ku bokosi lake. Zida zomugonjetsera, monga Sunsword, zimabisidwa m'malo amene makhadi a woombeza amasankha, ndipo kuti muzipeze muyenera kuyenda m'dziko lake ndi kumva mbiri ya mbale wake Sergei ndi mkazi uja Tatyana. Pano kufooka kwa mdani kuli m'mbiri yake, monga kunalili kwa Njovu.

Ndiye muyeso umene ndingaupereke kwa olemba ndi otsogolera masewerawa ndi uwu. Musaletse osewera kucenjera, ndipo musaonjezere mapointi a cilombo mwakabisira kuti nkhondo italike. Mdani wamkulu akhale ndi colinga cimene cikupitirira ngakhale iye ali m'khola, akhale ndi omutsatira, ndipo cinsinsi comugwetsera cikhale cinthu cimene osewera angaciphunzire pomudziwa iye. Akacipeza n'kumugwetsa m'cigawo cimodzi, asiyeni asangalale, cifukwa nchito yaikulu anaigwira m'miyezi yonse ija pamene anali kumufufuza.