Honeyland: filimu yopanda wotilongosolera

Mafilimu ambiri a zochitika zenizeni amakhala ndi munthu wolankhula kumbuyo, wotiuza zoti tione ngakhalenso zoti timve mumtima. Honeyland, filimu ya mu 2019 yochokera ku North Macedonia, ilibe munthu wotero, ndipo palibe amene akufunsidwa mafunso. Tamara Kotevska ndi Ljubomir Stefanov anakhala akupita kumudzi wa Bekirlija, umene anthu anausiya bwinja, kwa zaka zitatu, n'kumajambula moleza mtima.

Filimuyi ikamayamba, Hatidže Muratova akuyenda m'mphepete mwa phompho. Akusendeza mwala, n'kupisa dzanja m'phanga la njuchi osavala chilichonse chodzitetezera. Lamulo lake ndi limodzi: amatenga theka la uchi, theka lina n'kusiyira eni ake.

Luso lalikulu lagona pa kasanjidwe ka zithunzi. Akonziwa sankamva Chituruki chimene Hatidže ndi anansi ake amalankhula, choncho pa maola oposa 400 amene anajambula, anayamba kusankha zithunzi asanadziwe zimene zikunenedwa. N'chifukwa chake nkhaniyi imayenda ndi nkhope ndi manja. Onani m'kanyumba kopanda magetsi kamene Hatidže akusamaliramo mayi ake okalamba, a Nazife, omwe sadzukanso pamphasa. Ojambula, Fejmi Daut ndi Samir Ljuma, anadalira kwambiri kuwala kwa pazenera ndi kwa nyali. Mwana akuwadyetsa mayi ake nthochi imene wagula ku Skopje atagulitsa uchi, akuwakalipira pang'ono, kenako akuwapsompsona. Mutabisa mawu omasulira a pansi aja, simungasochere. Poonera kunyumba, zimitsani magetsi ndipo foni ikhale patali, chifukwa m'chipinda chowala zithunzi zimenezi zimafa.

Kenako Hussein Sam akufika ndi mkazi wake, ana asanu ndi awiri ndi ng'ombe zambiri, n'kukhala mnansi wa Hatidže, nayenso n'kuyamba kuweta njuchi. Wogula uchi akumukakamiza, iye akufula uchi wonse m'ming'oma yake, ndipo njuchi zake zanjala zikukapha za Hatidže. Chimene ndimaikondera filimuyi n'chakuti Hussein sanamusandutse chilombo. Tikumuona ali bambo wothedwa nzeru amene ana akumuyang'ana pakamwa.

Pali pamene mtima wanga sukhazikika. Ana a Hussein akulumidwa ndi njuchi, akulira, kamera ili phee. Komanso zaka zitatu anazipinda bwino kwambiri moti zimaoneka ngati chaka chimodzi, nkhani n'kusalala ngati yopeka. Mwina n'zimenezi zinachititsa kuti mu 2020 ikhale filimu yoyamba kupikisana nawo pa mphoto za Oscar m'magulu awiri, la mafilimu a zochitika zenizeni ndi la mafilimu a maiko akunja. Koma woonera ali ndi ufulu wofunsa kuti pa maola 400 aja, zimene anataya zikanatiuza chiyani za banja la Hussein.