Luso la Amayi Ofulula Chipumu

Ofulula mowa ku Ulaya amasamala muyeso wa hops, maluwa opatsa mowa kuwawa ndi fungo. Ku Kaseye, m'boma la Chitipa, luso lotere lagona pa chimera cha mawere, ndipo ine ndimawagomera amayi ofulula mowa wa chipumu. Sikelo alibe. Amaviika mawere, kuwafundika mpaka atamera, kuyanika, kenako n'kupera. Phala likapsa amapisamo chala: likakhala lotentha kwambiri chimera chimatha mphamvu, ndiye amayamba adikira asanachithiremo. Chimera chikachepa, mowa umangokhala madzi. Ukagonera mopitirira, umasasa. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi mowa umachedwa kuwira, choncho amasendeza mtsuko pafupi ndi moto, n'kumalawa thovu likayamba kutumphuka.